Kuchokera ku Chipata mpaka ku Glasgow: ulendo wa Fashion Sakala

Dzuwa likapendeka m'midzi ya kwa Inkosi Mlonyeni ku Mchinji, pabwalo sipasowa fumbi. Ana ali kalikiliki kuthamangitsa mpira wachikulunga, magolo ali miyala iwiri, nsapato palibe. Makolo ena akaona zimenezi amangopukusa mutu, amati n'kutaya nthawi chabe. Komatu kungodutsa malire a pa Mwami, mwafika ku Chipata m'dziko la Zambia, kwawo kwa mnyamata amene mpira unamufikitsa ku Ulaya.

Fashion Sakala anabadwa pa 14 Marichi 1997. Ndi wosewera kutsogolo, ndipo chida chake chachikulu ndi liwiro. Anayamba kudziwika ku Nchanga Rangers ya ku Chingola, kenako mu 2016 anapita ku Zanaco ya ku Lusaka.

Chaka cha 2017 ndiye chinamutsegulira makomo. Timu ya achinyamata a Zambia osapitirira zaka 20 inatenga chikho cha Africa itagonjetsa Senegal 2-0 m'ndime yomaliza ku Lusaka, ndipo Sakala anali m'gululo limodzi ndi Patson Daka ndi Enock Mwepu. Pa mpikisano wa dziko lonse ku South Korea, anyamatawa anathibula Germany 4-3 asanagonje kwa Italy m'ndime ya matimu asanu ndi atatu.

Chaka chomwecho Spartak Moscow ya ku Russia inamutenga. Kumva dzinalo, munthu angati basi, zatheka. Ayi ndithu. Ku Moscow ankasewera m'timu yachiwiri, kutali ndi kwawo, m'dziko lozizira koopsa komanso la chilankhulo chachilendo. Apa ndi pamene achinyamata ambiri amagwa ulesi n'kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Iye sanaumirire dzina lalikulu. Mu 2018 anasamukira ku Oostende, timu yaing'ono ya ku Belgium, komwe ankapeza mpata wosewera sabata ndi sabata. Anakhalako zaka zitatu akumwetsa zigoli, mpaka Rangers ya ku Glasgow m'dziko la Scotland inamukodola mu 2021. Pa 31 Okutobala chaka chomwecho anagoletsa zigoli zitatu yekha pomwe Rangers inaswa Motherwell 6-1. Mu Meyi 2022 timuyi inafika m'ndime yomaliza ya Europa League ku Seville, koma inagonja pamapenate kwa Eintracht Frankfurt. Patangopita masiku atatu inapukuta misozi potenga chikho cha Scottish Cup. Mu 2023 Sakala analowera ku Al-Fayha ya ku Saudi Arabia.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene kholo lililonse liyenera kuimva. Mnzake uja Enock Mwepu anafika mpaka ku Brighton, mu ligi yaikulu ya ku England. Mu Okutobala 2022, ali ndi zaka 24 zokha, anasiya kusewera madotolo atamupeza ndi vuto la mtima lachibadwa. Anyamata awiri a timu imodzi, luso lofanana, koma wina ntchito inathera panjira. Ngakhale kwa amene thupi lawalola, mpira ndi ntchito ya zaka zowerengeka. Miyendo ikatopa, moyo umapitirira ndipo ana amafunabe kudya.

Tsono inu bambo, inu mayi, mwana wanu akamathamangira kubwalo musamulande mpirawo. Mufunseni kaye ngati wapita kusukulu, ngati wathandiza kukumba mtedza, kenako mumulole apite. Tsiku lina kakhaleni pambali pa bwalo mumuonere, chifukwa mwana amalimba mtima akaona kholo lake likumuchemerera. Akadzabwera munthu wolonjeza kumutengera kunja, musathamangire kugulitsa mbuzi; fufuzani kaye kwa akuluakulu oyendetsa mpira.

Ndipo iwe mnyamata kapena mtsikana wa kwa Mlonyeni, kumbukira kuti Sakala asanafike ku Glasgow anadzera ku Chingola, ku Lusaka, ku timu yachiwiri ku Moscow ndi ku Oostende. Mawa ukaweruka kusukulu, bwalo lija likhala likukudikira.