Kodi Wansembe Apume pa Ntchito?

Mphunzitsi akakalamba amapuma nkumalandira penshoni. Mlimi manja akalema amasiyira ana khasu. Nanga wansembe wa Chikatolika, amene alibe mkazi, ana ngakhale munda wakewake, atani mphamvu zikatha? Funsoli lakhala likuutsa mtsutso pakati pa Akhristu m'maparishi ambiri.

Malamulo a Mpingo a m'chaka cha 1983 sanasiye nkhaniyi m'malere. Lamulo 538 limati bambo mfumu wa parishi akakwanitsa zaka 75 akupemphedwa kupereka kalata yotula pansi udindo kwa episkopi wake, yemwe angavomere kapena kumupempha kuti ayambe wapitiriza. Lamulo 401 limanena chimodzimodzi za maepiskopi. Anayambitsa dongosololi ndi Papa Paulo VI mu 1966. Potsatira lamulolo, Ambuye Rémi Sainte-Marie a Arkidayosizi ya Lilongwe anapuma mu 2013 ali ndi zaka 75.

Otsutsa kupuma amati unsembe si ganyu koma maitanidwe a moyo wonse. Amapereka chitsanzo cha Papa Yohane Paulo II, yemwe anatumikira ngakhale ankadwala kwambiri mpaka imfa yake mu 2005. Amanenanso kuti kumidzi ansembe ndi ochepa, moti nthambi zina za parishi zimatha milungu ingapo osaona Misa, mapemphero nkumatsogoleredwa ndi akatekisi. Kwa iwo, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto: wansembe wachikulire ndiye amadziwa mabanja, mafumu ndi milandu yakale ya malo.

Ovomereza amayankha kuti udindo wa bambo mfumu suthera pa guwa ayi. Amayang'anira sukulu, chipatala, chigayo, ndalama za parishi ndiponso ntchito za chitukuko monga za bungwe la CADECOM ku Malawi. Amayenda misewu yamatope nthawi ya dzinja kukaona odwala. Thupi likafooka, ntchitozi zimaima, ndipo ovutika ndi anthu wamba. Iwo amakumbutsa za Papa Benedikito XVI, amene anatula pansi upapa mu February 2013 ali ndi zaka 85, ponena kuti mphamvu zamuchepera.

Chomwe mbali ziwirizi zimaiwala nthawi zina n'chakuti Mpingo umasiyanitsa unsembe ndi udindo. Wansembe wopuma amakhalabe wansembe: amachita Misa, amamva kulapa, amalangiza achinyamata. Chomwe wasiya ndi makiyi ndi mabuku a ndalama basi.

Funso lolemera tsono ndi lakuti akapuma adzadya chiyani, adzagona kuti. Lamulo 538 lomwelo limalamula episkopi kumupezera nyumba ndi chisamaliro choyenera. Amishoni ochokera kunja kawirikawiri amabwerera kwawo, kumene zipani zawo zili ndi nyumba za okalamba. Koma wansembe wa dayosizi amadalira thumba la dayosizi yake, lomwe limadzazidwa ndi zopereka za Akhristu, ambiri mwa iwo alimi. Pomwe thumbalo ndi lopepuka, kupuma kumaoneka ngati kutayidwa, ndipo munthu amakakamira mpando.

Choncho nkhaniyi ikukhudza mphakati uliwonse. Akhristu ofuna kuti abambo awo adzapume mwaulemu ayenera kuyamba kukonzekera ukalamba wawo akadali amphamvu, monga mlimi amamangira nkhokwe chimanga chisanaume.