Agalu Osaka Amene Sanapezeke Owaposa

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, udzu n'kuuma, ku Zemba m'boma la Chadiza kumayamba kumveka malikhweru a anyamata akuitana agalu. Ndiyo nyengo ya uzimba imeneyo. Agalu patsogolo, eni ake pambuyo ndi zibonga ndi nthungo, kulowera kumadambo ndi m'mphepete mwa minda kukautsa kalulu, nsenzi, mwinanso insa ikachita tsoka. Madzulo pabwalo pamabuka mkangano umene sukalamba: galu wa yani ali ndi liwiro, wa yani amagwira fungo, wa yani sabwerera m'mbuyo nguluwe ikatembenuka. Anthu a mayiko ena nawonso amakangana zomwezi, kungoti iwo anafika poyeza ndi wotchi ndi tepi, n'kulemba m'mabuku. Zimene analembazo ndi zoyenera kuti mlenje wa ku Zemba azidziwe, kuti aone pamene galu wake waima.

Ubale wa mlenje ndi galu ndi wakale kuposa ufumu uliwonse umene tikuudziwa. Achewa timati pa Kaphirintiwa, munthu atapeka moto tchire n'kuyaka, njovu ndi mkango zinathawa ndi mkwiyo, koma galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu. Miyala nayo ili ndi umboni wake. Ku Shuwaymis ndi ku Jubbah m'dziko la Saudi Arabia kuli zithunzi zogoba pathanthwe, zimene akatswiri anazifalitsa mu 2017 nanena kuti zatha zaka pafupifupi 8,000. Pa chimodzi mwa izo pali mlenje atakoka uta, atazunguliridwa ndi agalu 13, awiri ali pachingwe chochokera m'chiuno mwake. Zithunzi za agalu omangidwa pachingwe zakale kuposa izi sizinapezekebe. Agalu ake ndi a makutu oimirira ndi michira yopindika, ndipo mwana wa ku Zemba atawaona sangafunse kuti ndi nyama yanji.

Ku Egypt kunali galu wa mfumu dzina lake Abuwtiyuw, amene anafa zaka zoposa 4,200 zapitazo. Mwala wonena za iye unapezeka ku Giza mu 1935, ndipo umati mfumu inalamula kuti aikidwe m'manda mwaulemu, ndi bokosi, nsalu yabwino ndi lubani. Ndi mmodzi mwa ziweto zoyambirira zimene dzina lake linalembedwa.

Pa liwiro palibe kukangana: ndi greyhound, galu woonda, wa chifuwa chakuya ndi miyendo yaitali. Buku la Guinness linalemba kuti pa 5 Malichi 1994, ku Wyong m'dziko la Australia, galu wotchedwa Star Title anathamanga pa liwiro la makilomita 67.32 pa ola. Galuyu akathamanga, miyendo yonse inayi imachoka pansi kawiri pa kulumpha kumodzi, pofunyata ndi potambasula. Amasaka ndi maso osati mphuno, ndipo liwiro lakelo ndi la mtunda waufupi. Khungu lake ndi lopyapyala, mwakuti tchire la minga ndi zitsa ngati lathuli lingamung'ambe asanafike patali.

Mpikisano waukulu koposa wa agalu amenewa unali Waterloo Cup, umene unayamba mu 1836 ku Altcar pafupi ndi Liverpool. Agalu 64 ankapikisana kwa masiku atatu, awiriawiri, pothamangitsa kalulu. Chimene chimandikoka mtima pa malamulo ake n'chakuti woweruza sankayang'ana kwambiri amene wapha. Ankawerenga amene wafika msanga ndi amene wamukhotetsa kalulu kambirimbiri, mwakuti galu ankatha kupambana kalulu atapulumuka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anthu oonerera ankafika 75,000 patsiku. Katswiri wosaiwalika anali Master McGrath wa ku Ireland, galu wa Lord Lurgan, amene anapambana mu 1868, 1869 ndi 1871. Chaka chimene analephera, 1870, anagwera mumtsinje wa Alt madzi oundana ataphwanyika, ndipo anachita kuvuulidwa. Mfumukazi Victoria inaitanitsa galuyo kuti imuone ndi maso. Pambuyo pake panabwera Fullerton, amene anagawana chikho mu 1889 n'kuchitenga yekha mu 1890, 1891 ndi 1892.

Pa mphuno, ulemu umapita kwa bloodhound. Akatswiri amawerengera kuti m'mphuno mwake muli timagawo togwira fungo pafupifupi 300 miliyoni, pamene munthu ali ndi 5 kapena 6 miliyoni. Amatha kulondola mapazi a munthu amene anadutsa masiku angapo apitawo, n'chifukwa chake apolisi a mayiko ena amamudalira. Makutu ake nawo ali m'buku: bloodhound wina wa ku America, dzina lake Tigger, atamuyeza mu 2004 khutu lamanja linali masentimita 34.9, kutalika kuposa lula ya mwana wa sukulu. Pa msinkhu, mtundu wautali koposa ndi Irish wolfhound, umene ntchito yake inatha pamene nyama imene unkasaka inatheratu ku Ireland cha m'ma 1786. Ndipo pa kuchuluka kwa gulu, Marco Polo analemba kuti mfumu Kublai Khan inkapita kosaka ndi agalu okwana 5,000.

Africa ili ndi akatswiri ake. M'nkhalango za ku Congo muli basenji, galu amene sauwa, amangolira mwa mtundu wake. Poti m'nkhalango yothithikana sangamuone kapena kumumva, alenje amamumanga chibelu chamtengo kuti azidziwa kumene walowera pamene akupirikitsira nyama ku ukonde. Kumwera kwathu kuno kuli Rhodesian Ridgeback, wa mzere wa ubweya woyang'ana kumutu pamsana pake. Mzerewo anautenga kwa agalu a Akhoikhoi. M'zaka za m'ma 1870 m'busa Charles Helm anabweretsa agalu awiri ku Hope Fountain pafupi ndi Bulawayo, ndipo mlenje Cornelius van Rooyen anawakweretsa ndi agalu ake, kusankha olimba mtima okhaokha. Malamulo a maonekedwe a mtunduwu analembedwa ku Bulawayo mu 1922. Anthu amakonda kunena kuti ndi galu wopha mkango, koma ntchito yake inali kuuzinga ndi kuutangwanitsa, kulowa ndi kutuluka osagwidwa, mpaka mwini mfuti afike. Amene analibe nzeru yozinda sankakhala ndi moyo kuti abereke, ndipo umo ndi mmene mtunduwo unasefedwera.

Komabe mlenje woposa onse a fuko la agalu alibe mbuye, ndipo amakhala m'chigawo chathu chomwechino, m'chigwa cha Luangwa. Ndi mmbulu. Akatswiri ambiri amati pa maulendo 10 othamangitsa nyama, mimbulu imagwira 6 kapena kuposa, pamene mkango nthawi zambiri sufika 3. Chinsinsi chake ndi kupirira ndi umodzi: imathamangitsa nswala mpaka itheretu mphamvu. Pa gulu lonse imabereka yaikazi imodzi, ndipo imaswa ana pafupifupi 10 nthawi imodzi, kuposa nyama ina iliyonse ya fuko la agalu. Yopita kosaka ikabwera imabzikula nyama kudyetsa ana ndi otsala pakhomo, ndipo ana akayamba kutsatira gulu ndi amene amayamba kudya. Ku Botswana kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti isananyamuke imayetsemula, ndipo kuyetsemulako kukachuluka m'pamene ulendo umayamba. Uzimba wa makolo nawonso unali ndi mwambo wogawana nyama: woyamba kulasa, wothandiza ndi mwini dziko, aliyense anali ndi gawo lake lodziwika.

Mu Okutobala 2021 mimbulu itatu yaikazi yapachibale inachoka m'chigwa cha Luangwa kukafuna amuna ndi dera lawolawo. Umodzi, wodziwika ndi nambala ya EWD 1355, unali ndi kolala ya GPS yoikidwa ndi a Zambian Carnivore Programme. M'miyezi 9 inayenda makilomita oposa 2,000, kudutsa m'minda, m'misewu ndi m'midzi ya Zambia ndi Mozambique. Ulendo wautali chotere wa mimbulu unali usanalembedwepo. Nkhani imeneyi ndi yathu a Kum'mawa, ndipo ndikanakonda ikanaphunzitsidwa m'sukulu za ku Chadiza. Pa dziko lonse mimbulu yatsala pafupifupi 6,600. Ku Malawi inali itatha, mpaka mu Julayi 2021 pamene 14 inabweretsedwa ku Liwonde ndi ku Majete.

Nanga galu wathu wa pamudzi, wofiirira, wa nthiti zoonekera uja? M'buku la Guinness mulibe dzina lake, koma ine ndimamuika patsogolo pa chinthu chimodzi: kulimba. Mafupa a agalu a mtundu wake anapezeka pa famu ya Diamant ku South Africa, pafupi ndi malire a Botswana, ndipo ndi a m'chaka cha 570. Anatsika kuchokera kumpoto pamodzi ndi alimi osula zitsulo, ndiye kuti kuno anafika kale kuposa pamenepo. Palibe amene anamusankhira mkazi potengera utoto kapena kutalika kwa makutu. Anamusefa ndi nkhupakupa, dzuwa, njala ndi mano a nguluwe. Amadya gaga ndi mikute, usiku amalondera khola, masana amapirikitsa anyani ndi apusi kumunda, ndipo pa uzimba amagwiritsa ntchito maso ndi mphuno zomwe. Galu wamkota sakandira pachabe, anatero akuluakulu, ndipo ankanena za galu ameneyu. Ku South Africa anthu anazindikira mtengo wake, mwakuti mu 1998 Johan Gallant ndi anzake anayambitsa bungwe la AfriCanis Society lomuteteza kuti asasungunuke ndi mitundu yobwera. Mlenje amene akusirira galu wakunja ayambe waganiza ngati ana ake adzapirire chilimwe cha ku Zemba.

Tsopano za kuteteza mwambowu. Chionetsero chachikulu koposa chomenyera kusaka ndi agalu chinachitika ku London pa 22 Sepitembala 2002, pamene anthu oposa 400,000 anayenda mumsewu. Aphungu anathera maola oposa 700 akukangana za nkhaniyi. Khamu lonselo silinaphule kanthu: lamulo la Hunting Act la 2004 linayamba kugwira ntchito pa 18 Febuluwale 2005, ndipo Waterloo Cup ya chaka chimenecho inakhala yotsiriza. Kumeneko uzimba unathetsedwa ndi anthu amene ankauona ngati nkhanza. Ku KwaZulu-Natal ukudzionongera wokha mbiri: anthu amanyamula agalu aliwiro m'maminibasi, kulowa m'mafamu mbandakucha, n'kubetcherana ndalama pa galu amene agwire choyamba. Oteteza nyama amati mchitidwe umenewu ndi chimodzi mwa zimene zikumaliza kambawala kakang'ono kotchedwa oribi. Pamenepo sipakhalanso kusaka ndiwo kapena kuteteza munda, pamakhala juga.

Kwathu kuno chimene chingathetse uzimba ndi kutha kwa tchire ndi nyama. Minda ya chimanga, soya ndi mtedza yafika mpaka m'mapiri, makala akudya mitengo, ndipo moto woyatsira dala pofuna mbewa kapena kalulu umapsereza ndi tiana ta nyama tomwe, mazira a nkhanga ndi manyowa a m'munda. Lamulo nalo lilipo ndipo aliyense ayenera kulidziwa: Zambia Wildlife Act ya 2015 imaika umwini wa nyama zonse zam'tchire m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, ndipo kupha nyama zimene lamulolo limateteza popanda laisensi ndi mlandu. Amene akufuna kudziwa nyama zololedwa ndi njira zololedwa afunse ku Department of National Parks and Wildlife asanamasule agalu, osati atagwidwa kale. Mafumu athu, pansi pa Kalonga Gawa Undi, ali ndi mphamvu yonena kuti dambo lakuti lipume chaka chino, moto usayatsidwe mwezi wakuti, yabere ndi yoyamwitsa isiyidwe. Makolo sankasaka chaka chonse, ankadikira nyengo yake.

Chiwerengero chomaliza ndi chowawa. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo 4 mwa 10 aliwonse ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, mankhwala palibe. Galu wa uzimba ndiye ali pachiopsezo chachikulu, poti amalumana ndi nkhandwe kutchire n'kubwera kudzagona pakhonde pamene ana akusewera. Matenda a agalu amapitanso mbali inayo: mu 1994 nthenda ina yochokera kwa agalu a m'midzi inapha mikango pafupifupi 1,000 ku Serengeti. Koma pano palinso chinthu chonyaditsa cha anthu olankhula chinenero chathu. Mu 2015, mumzinda wa Blantyre, a Mission Rabies pamodzi ndi boma ndi anthu a m'makwalala anabaya katemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 aliwonse akabayidwa chaka ndi chaka, chiwewe chimaduka m'deralo.

Inu alenje a ku Zemba, a ku Chanida ndi midzi yonse ya Chadiza, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse ndi 28 Sepitembala, pakati penipeni pa nyengo yanu. A vetenale akalengeza za katemera, tengani agalu onse, osasiya ndi mmodzi yemwe, ndipo musamvere zoti jekeseni imachotsa ukali kapena liwiro, chifukwa si zoona. Mwana akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo.