Kodi mukufuna mayi wa maswiti ayambe walira?

Ndalama ya dziko lino ndi kwacha ndi tambala, koma aliyense wogula m'magolosale a pa Ntcheu boma, pa Kampepuza kapena pa Lizulu akudziwa kuti ilipo ina yachitatu yomwe a Reserve Bank sanaisindikize. Ndalamayo ndi switi. Mukagula sopo, chenje n'kuperewera, wogulitsa savutika n'kusakasaka makobidi. Amangopisa dzanja m'botolo n'kukuponyerani maswiti awiri pakauntala. Inu mumuyang'ana, iye akuyang'anani, nkhani yathera pompo.

Ndayamba ndi maswiti chifukwa cha mwana wa achemwali anga, yemwe akuphunzira zautolankhani pa sukulu ina ya ukachenjede m'dziko muno. Chaka chomaliza wophunzira aliyense amayenera kujambula kanema wamfupi wa zochitika zenizeni, osati sewero. Koma asanakhudze kamera amayamba waima pamaso pa aphunzitsi ndi anzake n'kufotokoza, m'mphindi zowerengeka, kuti akufuna kujambula ndani, kuti, ndipo chifukwa chiyani. Akamugwedezera mutu, apite. Akamukanira, akaganize zina.

Mnyamatayu anasankha mayi wina wa kuno kwathu yemwe amagwira ntchito m'kagolosale ka m'mbali mwa msewu wa M1. Si mwini wake ayi, ndi wolembedwa ntchito. Katundu wambiri m'menemo ndi wa ana asukulu: maswiti, chingamu, mabisiketi, kamba, ndi mafilizesi nyengo yotentha. Ganizo lake linali loti akhale ndi mayiyo kuyambira potsegula mpaka potseka, masiku angapo, basi.

Atabwera pa tchuthi anandiuza kuti, "Malume, andifunsa kuti vuto la mayiyo n'chiyani." Eti anzake ena anafuna kudziwa ngati ali wamasiye, ngati akudwala, ngati mwamuna wake anamuthawa kupita ku Joni. Poona kuti palibe chimodzi mwa izi, anamulangiza kuti apeze mutu wina wolemera, wonga wa njala kapena kusefukira kwa madzi. Amupatsanso mwayi wina woti akafotokoze bwino.

Ine sukuluyo ndinaisiyira panjira, m'chaka chachiwiri, choncho madigiri oti ndikatsutsane nawo ndilibe. Koma pakamwa ndili napo, ndipo ndikuti funso limeneli ndi lodwala.

Taonani makanema a zenizeni onena za Malawi omwe anatchuka kunja. Wa Madonna uja wa 2008, I Am Because We Are, ndi wa ana amasiye ndi Edzi. William and the Windmill wa 2013 ndi wa William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, mnyamata yemwe anapanga magetsi a mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Onsewa ali ndi ntchito yake, sindikunyoza. Koma phunziro lomwe ana athu atolapo ndi lakuti Mmalawi amayenera kamera pokhapokha ngati akufa kapena ngati wachita zozizwitsa. Nanga enafe, omwe sitikufa lero komanso sitinapange chozizwitsa chilichonse, tili kuti? Makolo athu amasimba za galimoto za boma zomwe zinkazungulira m'midzi kuonetsa kanema wa maulendo a Kamuzu ndi wa ulimi wamakono. Wailesi yakanema ya TVM inadzatsegulidwa mu 1999, nayo n'kuyamba kulondola a bwana kulikonse komwe akukadula riboni. Ndiye patapita zaka makumi asanu, mdzukulu wanu akadzafuna kuona mmene munthu wamba ankagwirira ntchito pa Ntcheu, adzaonera pati?

Chomwe mnyamatayu akufunika kukawauza aphunzitsi akewo n'chakuti kauntala ya maswiti ndi nyuzipepala yomwe sinama. Mu May 2022 boma linachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 linaichepetsanso ndi 44 peresenti. A zachuma anayankhula Chingerezi chambiri pawailesi. Koma amene anayenera kufotokozera mwana wa sitandade 2 chifukwa chomwe ndalama yomwe dzulo inagula maswiti awiri lero ikugula imodzi anali mayi uyu. Iye ndiye anaona nkhope ya mwanayo. Kumayambiriro kwa 2024 shuga anasowa m'dziko lomwe lili ndi minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, anthu n'kumaima pamizere kudikira paketi imodzi. Amene ankatukwanidwa kuti akubisa shuga kuseri anali yemweyu, pomwe iye sadziwa n'komwe komwe bwana wake amapikula. Pepala la K5,000 litatuluka mu 2022, mutu unawawa ndi wa yemwe ayenera kupeza chenje chake mmawa wa 7 koloko, kabati ili mbee.

Ndipo malo enieniwo ali ndi mbiri. Akuluakulu a kuno amakumbukira masitolo a amwenye omwe anali m'matauni ang'onoang'ono ngati athuwa, mpaka boma la Kamuzu linawalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti asamukire m'mizinda ikuluikulu. Amakumbukiranso zaka za nkhondo ya ku Mozambique, pomwe anthu othawa kwawo anadzaza boma lino mpaka mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Pa Lizulu malire ake ndi msewu womwewo: tsidya lino Malawi, tsidya ilo Angonia. Munthu amawoloka dziko pofuna kugula tomato. Mukayang'anitsitsa mapaketi a pa shelefu ya golosale ya kuno mupeza ena a ku Blantyre, ena olembedwa Chipwitikizi, ena a ku South Africa ndi ku Zambia. Kamera ikangoyenda pang'onopang'ono pa shelefuyo, yanena kale za malonda a dziko lino kuposa nduna.

Wina anena kuti zimenezi n'zosasangalatsa kuonera. Mu 1963 Ousmane Sembène wa ku Senegal anajambula Borom Sarret, kanema wa mphindi pafupifupi 20 wonena za tsiku limodzi la bambo woyendetsa ngolo mumzinda wa Dakar. Ndi wa sewero inde, koma nkhani yake ndi yomweyi: munthu wadzuka, wagwira ntchito, wabwerera kunyumba manja ali m'khosi. Lero ukamaphunzira za kanema wa mu Africa umayambira pamenepo. Ndipo Sembèneyo sukulu sanapite nayo patali, anali wonyamula katundu padoko la Marseille. Izi ndangonena kuti anzanga osiyira panjira tilimbeko mtima. Kwathu konkuno, Gift Sukali anatulutsa Fatsani, nkhani ya mtsikana wogulitsa nthochi mumsewu, ndipo Amalawi anaukonda chifukwa anadziona okha.

Tsono pali mbali ina yomwe anzake aja sanaifunse, pomwe ndi imene ine ikundidetsa nkhawa. Aphunzitsi akavomera, mnyamatayu apeza malikisi. Nanga mayiyu apeza chiyani, ndipo ataya chiyani?

Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati munthu asagwire ntchito maola opitirira 48 pa sabata popanda malipiro owonjezera. Malipiro otsikitsitsa omwe boma linakhazikitsa anali K50,000 pamwezi mu 2021, ndipo mu 2024 anafika pa K90,000. Inu awerengi mukudziwa mmene zimakhalira m'magolosale ang'onoang'ono. Kutsegula mbandakucha, kutseka kutada, Lamlungu lomwe. Kalata ya ntchito kulibe. Pakutha pa mwezi akawerengera katundu n'kupeza kuti ndalama zaperewera, amadula pa malipiro. Ndipo m'golosale ya maswiti ndalama zimaperewera ndithu, chifukwa timanja ta ana n'tachangu, komanso mayi wa mtima wake sangaone mwana wa mnansi akulira n'kumumana switi. Sindikunena kuti bwana wa mayi uyu amachita zimenezi. Ndikunena kuti kamera ikakhala m'menemo masiku atatu, chilichonse chomwe chilipo chidzaoneka, ndipo mayiyu akadzafunsidwa kuti amalandira zingati, yankho lake lidzamveka kwa bwana wake, kwa apongozi ake, ndi kwa onse omwe ali nawo ngongole.

Wophunzira adzakwera minibasi kubwerera ku sukulu. Mayiyu adzatsala pa Ntcheu pomwe aliyense amadziwa chiwongo cha mnzake. Kanema wa masiku ano sakhala m'kabati ya aphunzitsi. Lero ali m'kalasi, mawa ali pa WhatsApp, mkuja anyamata a pa siteji ayamba kumuitana mayiyu ndi dzina lachipongwe. Ntchito ikatha chifukwa cha mawu amodzi omwe anawanena akuseka, palibe wa ku yunivesite adzabwere ndi thumba la ufa.

Choncho kufotokoza kwenikweni kwa ganizoli si kwa m'kalasi kuja. Ndi kwa pakhonde pa mayiyu, m'Chichewa, mnyamata atakhala pansi, atavula chipewa, kamera ataisiya kunyumba. Awauze kuti, "Mayi, anthu oonera adzakhala awa, ndipo ndikatha kulumikiza mudzayamba ndinu kuona. Chomwe simuchifuna ndidzachotsa." Kapepala ka Chingerezi kosainitsa mothamanga si chilolezo. Amalawi timavomera zinthu chifukwa cha ulemu, makamaka wopemphayo akakhala wophunzira wochokera m'tauni. "Chabwino" woyamba ndi moni chabe. Abwerenso mawa lake adzafunse kachiwiri.

Ndiye pali ana. Golosale ya maswiti popanda ana ndi chigayo chopanda chimanga, koma mwana wa mwini sajambulidwa ngati nkhuku. Sitinaiwale za Lu Ke, mzika ya ku China yomwe ana a kwa Njewa ku Lilongwe ankaitchula kuti Susu. Iye ankawajambula akunena mawu odzinyoza m'chiyankhulo chomwe sankachimva, n'kumagulitsa makanemawo pa intaneti. A BBC Africa Eye anaulula nkhaniyi mu 2022, ndipo mu 2023 khoti linamupeza wolakwa n'kulamula kuti atuluke m'dziko muno. Kuyambira pamenepo kholo lililonse lili ndi ufulu wokayikira munthu wolozetsa kamera kwa mwana wake. Njira ilipo: ajambule timanja tokha tikupereka ndalama yopindidwapindidwa, timapazi tafumbi pakhomo, ndi mawu. Nkhope zisiyeni. Kanemayo adzakomanso kuposa.

Za mawuzo, ndamuuza kuti ndalama yochepa yomwe ali nayo agulire kamaikolofoni kopanira pa bulauzi, asaiwonongere pa kamera yapamwamba. Foni yabwino ijambula. Koma M1 ndi msewu wa mathiraki ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo imodzi ikangodutsa, zonse zomwe mayi amanena zapita ndi utsi.

Watsala ndi bwana. Golosale ndi yake, ndipo akakana wakana. Ambiri akaona kamera amaganiza za a msonkho. Mnyamatayu amuone yekha, mayiyu asakhale mthenga, kuti zikavuta mkwiyo usagwere wolakwika. Bwanayo akakanitsitsa, kanema sanafe: pali ulendo wa mmawa wochokera kunyumba, pali madzulo powerenga ndalama za tsikulo m'mutu, pali Loweruka pochapa. Ndipo ndamuuza kuti pa bajeti yomwe akapereke kwa aphunzitsi alembepo mzere umodzi womwe ophunzira ambiri amauiwala, wa galimoto yobwerera ku Ntcheu kudzaonetsa kanemayo kwa mwini nkhani asanamuonetse wina aliyense.