Iwo amadya nsomba yaiwisi, nanga chambo chathu bwanji?

Tayerekezani mwalowa m'lesitilanti ina ku Japan. Palibe wobwera kudzakufunsani chomwe mudye. Timbale tikungodutsa pamaso panu pa lamba woyendetsedwa ndi makina, inu n'kumatola komwe kakusangalatsani. M'timbalemo muli timibulu ta mpunga wothira viniga, pamwamba pake kachidutswa ka nsomba, kawirikawiri yosaphika. Chakudyachi amachitcha sushi.

Lesitilanti yoyamba yotere anaitsegula Yoshiaki Shiraishi ku Osaka mu 1958, ataona mabotolo akuyenda pa lamba m'fakitale ya mowa. Poti antchito amafunika ochepa, chakudyacho chinatchipa.

Mwina mukufunsa kuti: kuno ku Mangochi chambo timachigula chikuphiriphitha, ndiye chingativulaze bwanji titachidya chachiwisi? Yankho ndi lakuti musayese.

Chomwe chimateteza odya sushi si lamba uja ayi, koma kuzizira ndi nthawi. Nsomba zambiri za sushi ndi za m'nyanja zamchere, ndipo zimasungidwa pozizira kuchokera m'boti mpaka m'khitchini. M'mayiko ngati America, nsomba zambiri zodyedwa zosaphika amayamba aziumitsa pa madigiri 20 kunsi kwa ziro kwa masiku 7 kuti tinyongolotsi tife. Malesitilanti ena amaika kachipangizo pa mbale iliyonse, ndipo yomwe yazungulira nthawi yaitali makina amaichotsa.

Nsomba za m'madzi opanda mchere, monga za m'nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mtsinje wa Shire, zimatha kukhala ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Komanso kuchokera padoko la Makawa kapena Msaka mpaka kunyumba, nsomba imadutsa m'manja ambiri, padzuwa, nthawi zina yotsukidwa ndi madzi a m'mbali mwa nyanja momwe anthu amasamba ndi kuchapa. Kumbukirani kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Kolera imafala kudzera m'madzi ndi chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi.

Chitetezo chathu ndi moto. Phikani kapena kuwotcha nsomba mpaka ipse m'kati mwenimweni, mnofu uziyera ndi kuchoka mosavuta pa minga. Bungwe la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri, choncho ndiwo zotsala muzitenthetse mpaka ziwire musanapatse ana. Mpeni ndi mbale zomwe mwatumbulira nsomba muzitsuke ndi sopo musanaduliremo tomato. Usipa wouma nawo uyenera kutsukidwa ndi kuphikidwa, ana asamangoutafuna kuchokera pathandala.

Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, kumbutsani makolo kuti mwana akayamba kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, amumwetse Thanzi ORS nthawi yomweyo n'kuthamangira naye kuchipatala, osadikira kuti kuche.