Udzu umene ankandiseka nawo wasunga khonde langa

Ndimakhala kufupi ndi nyanja ku Nkhotakota, kumene dothi lake ndi mchenga wokhawokha. Pabwalo panga maluwa ambiri anakana. Dzuwa la mu Okutobala linkawawotcha, mphepo ya mwera inkawathyola, otsalawo mbuzi zinkamaliza. Mvula ikagwa, madzi ochoka padenga ankakumba ngalande mpaka maziko a khonde anayamba kuonekera.

Tsiku lina mlangizi wa zaulimi anandifunsa kuti, "Mayi, bwanji osayesa vetiva?" Ndinadabwa, poti udzuwu ndinkangouona m'minda, m'mizere ya akalozera. Anandipatsa mapata awiri. Ndinawagawa mphukira zitatuzitatu, n'kudula masamba kusiya masentimita 20, kenako n'kudzala motalikirana masentimita 15 mvula itakhazikika. Anzanga ankaseka kuti ndikulima udzu pamene iwo akuupalira.

Patatha chaka, mphukira zija zinali zitagwirana kukhala mpanda wobiriwira wofika m'chiuno. Ndikaumeta bwinobwino, alendo amafunsa kumene ndinagula.

Vetiva anachokera ku India. Mizu yake siyanza m'mbali koma imalowa pansi molunjika, mpaka mamita atatu, n'chifukwa chake amagwira dothi komanso sauma m'chilimwe. Mtundu umene alangizi amagawa sufalikira ndi njere, choncho umakhala pomwe waudzalapo, sulowerera dimba la mnzako.

Kumapeto kwa Febuluwale 2024, pamene mtsinje wa Dwangwa unasefukira n'kusiya mabanja ambiri opanda pokhala, kwathunso mvula inagwa yoopsa. Sindikunena kuti udzu ungaimitse mtsinje, ayi. Koma pakhomo panga madzi akafika pampandapo ankachepa mphamvu, mchenga n'kutsalira pomwepo. Khonde langa lidakalipo.

Ovuta ndi masabata oyamba okha: thirirani mvula ikadula, tchingirani ziweto poti masamba anthete zimadya, ndipo musadzale pamthunzi wa mango chifukwa vetiva amakonda dzuwa. Masamba ometa musawawotche, amaphimbira bwino mbewu zakudimba ndipo ena amafolerera khola.

Anzanga okhala m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, musadikire kuti ngalande ifike pakhomo. Phata limodzi limapereka mphukira zambiri. Amene ankandiseka aja, lero ndi amene amabwera ndi khasu m'mawa kudzapempha mbewu.