Malonda a pa Ulónguè: Kodi Angadzuke Bwanji?

Abale atsogoleri a makalasi, ambiri mwa ophunzira anu ndi anthu a geni: amayi a tomato ndi kabichi, anyamata a mbatatesi, madala osoka pa makina. Nkhani ino ndi yawo. Tifuna kuona zimene boma la vila lingachite kuti malonda a pakati pa Ulónguè akhale ndi moyo, ndiponso mbali ya kalasi lanu pa ntchito imeneyi.

Tiyambe ndi zakale. Nthawi ya Apwitikizi, Ulónguè ankatchedwa Vila Coutinho. Malonda anali m'manja mwa eni makantina, amene ankagula chimanga ndi nyemba kwa mlimi, namugulitsa mchere, sopo, nsalu ndi makasu. Ufulu utafika mu 1975, ambiri a iwo anachoka. Boma linatsegula masitolo ake otchedwa Lojas do Povo, koma katundu ankasowa kawirikawiri. Kenaka inadza nkhondo, anthu nathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kwawo, napeza nyumba zambiri za malonda zili mabwinja. Apo n'kuti atazolowera misika ya m'malire monga Lizulu ndi Tsangano, ndipo kwacha ya ku Malawi inkayenda m'manja mwa anthu ngati ndalama ya kwathu. Vuto linagona pamenepa: mbewu ilimidwa kuno, koma ndalama yake ikadyedwa kutsidya.

Boma linayesa mankhwala a ngongole. Mu 2006 linayamba kupereka metikali 7 miliyoni kwa distrito iliyonse, ndipo pambuyo pake ndalamazi zinkabwerekedwa kwa anthu kuti ayambe ntchito zopindulitsa. Ena anathandizika ndithu, koma m'dziko lonse ambiri sanabweze. Phunziro lake ndi ili: ngongole payokha siidzutsa malonda. Munthu angagule katundu, koma ngati alibe malo otsimikizika ogulitsira, ndipo ogula safika, ndalama ija ingothera m'mphika.

Tsono mu 2008 Ulónguè anakhala munisipiyo, limodzi ndi mavila ena 9 a m'dziko muno, monga Gorongosa, Mueda ndi Marrupa. Kuyambira chaka chimenecho anthu a pa vila amasankha atsogoleri awo. Kodi munisipiyo ili ndi zida zanji zokokera malonda? Titchule zinayi.

Choyamba ndi malo. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa. Munthu amangolandira ufulu woigwiritsa ntchito, umene timautcha DUAT. Kumene kuli mapulani a vila, munisipiyo ndiyo imapereka chikalatachi. Wamalonda wopanda pepala amamanga baraka ya matabwa, poopa kuchotsedwa mawa. Wokhala nalo amawotcha njerwa, nakhoma malata. Kufulumiza mapepala amenewa n'kudzutsa vila popanda kubwereketsa ngakhale metikali imodzi.

Chachiwiri ndi msonkho. Munisipiyo imatolera ndalama ya senya pamsika, msonkho wa ntchito za malonda, wa nyumba ndi wa munthu aliyense wamkulu. Msonkho ukalemera, ogulitsa amathawa msika n'kukayala katundu m'mbali mwa msewu. Ukakhala wopepuka, wolembedwa poyera, wofanana kwa onse, amabwera okha. Boma lalikulu nalo linaona zimenezi: mu 2009 linakhazikitsa msonkho wosavuta wa amalonda ang'onoang'ono, wotchedwa ISPC. Umenewo ndi wa dziko, si wa vila ayi, musawasokoneze.

Chachitatu ndi msika weniweniwo: denga, madzi, zimbudzi, magetsi, ndi kuchotsa zinyalala. Kuno ku mapiri mvula imagwa yambiri. Mayi wa ku Dómuè sangabwere ndi nyemba zake kudzaziyala pamatope.

Chachinayi ndi misewu ndi poima magalimoto. Pamene shapa imatsitsa anthu, pamenepo ndi pamene malonda amamera. Okwera akamatsikira kutali ndi masitolo, pakati pa vila pamafa. Ogula alipo: alimi a fodya akalandira ndalama zawo, antchito a boma, ophunzira za ulimi a UniZambeze, ndi apaulendo a njira ya ku Calómuè. Chofunika n'chakuti apeze chifukwa choimira pano.

Nanga kalasi lanu likulowa pati? Zonse tatchulazi zimayenda ndi pepala. Wosadziwa kuwerenga amalipira senya osalandira kapepala, ndalama ija n'kulowa m'thumba la munthu, osafika kumene ikanamangira chimbudzi. Amadinda chala pa ngongole asanamve tsiku lobweza. Amagula malo kwa munthu amene alibe mphamvu yogulitsa. Paja akulu anati walira mvula walira matope: tikafuna msika wabwino tilipire msonkho, koma tikalipira tifunsenso kumene wapita. Munisipiyo ili ndi nyumba yake ya oimira anthu, imene imavomereza kayendedwe ka chuma chaka ndi chaka. Amalonda akapita pamodzi, ndi pempho lolembedwa, mawu awo amalemera kusiyana ndi kudandaula kwa mmodzimmodzi.

Zochita m'kalasi:

1. Ophunzira abweretse senya ya pamsika. Awerenge tsiku, mtengo ndi nambala yake.
2. Awerengetse: munthu wolipira senya tsiku lililonse, masiku 6 pa sabata, amapereka zingati pa mwezi? Nanga pa chaka?
3. Aliyense atchule zinthu zitatu zimene amakagula kutsidya, nafotokoze chifukwa chake sazigula pa vila.
4. Itanani gogo mmodzi afotokoze za makantina a Vila Coutinho, kapena a m'dera lanu. Lembani mayina a malowo asanaiwalike.
5. Lembani pamodzi kalata yaifupi yopempha chinthu chimodzi chokha chimene msika wanu ukusowa, ndipo sankhani anthu awiri okaipereka.