Kulemera kwa chifefe kumadziwika masana

Malume anga a ku Ulongwe, m'boma la Balaka, anali ndi chifefe cha nambala 12. Ndili mnyamata ndinkawanyamulira tikamakasaka nkhanga m'minda anthu atakolola. M'mamawa mfutiyo sinkandivuta. Koma dzuwa likafika paliwombo phewa linkachita dzanzi, lamba atandidinda mzere m'khosi. Tsiku lina nkhwali inabuka pamapazi pathu, malume akuti akweze mfuti, mikono inakana. Anangoiperekeza ndi maso.

Chifefe chotere chimalemera pafupifupi makilogalamu atatu ndi theka. Cha nambala 20 nthawi zambiri sichifika atatu. Ambiri amadabwa kuti nambala ikamakula mfuti imachepa. Akale ankawerenga timipira tamtovu tokwana kukamwa kwa mfuti timene tingapange paundi imodzi: tikakwana 12 ndiye kuti mpope wake ndi waukulu, mamilimita 18.5, tikakwana 20, mpopewo ndi wa mamilimita 15.6 basi.

Hafu kilogalamu ingaoneke yochepa, koma funsani amene wayenda nayo maola asanu m'thengo la ku Utale mwezi wa Okutobala.

Komabe kupepuka kuli ndi malire ake. Mmisiri wosula mfuti wa ku Birmingham, W. W. Greener, anaphunzitsa kuti mfuti izilemera kuwirikiza ka 96 kulemera kwa machaka amene ikuponya. Machaka a magalamu 28 amafuna mfuti ya makilogalamu 2.7. Mukaika machaka olemera m'kamfuti kopepuka, kamakankha phewa ngati bulu, ndipo mlenje amayamba kutsinzina asanawombe n'komwe. Mfuti yopepuka kwambiri imavutanso kutsata nayo mbalame ikuuluka, imagwedezeka m'manja. Zotsatira zake ndi mbalame yothyoka phiko yokafera m'tchire, chinthu chimene chimandipweteka mtima mpaka lero.

Ku Machinga, m'madambo a nyanja za Chiuta ndi Chilwa, nkhani ndi ina. Wosaka atsekwe ndi abakha amakhala m'bwato kapena kubisala m'bango, ndiye mfuti yolemera simutopetsa. Kumenekonso ndi kumene ndimada nako nkhawa. Chilwa anaiika m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pa mgwirizano wa Ramsar, ndipo mbalame zina zimafikako kuchokera ku Ulaya. Kuwombera m'gulu la abakha atatera pamadzi kumavulaza ambiri kuposa amene mungatole, ndipo mtovu wotsalira m'matope abakha amaumeza n'kudwala.

Chilolezo cha mfuti chimachokera kupolisi, chosakira mbalame ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire, ndipo m'nkhalango ya Liwonde simuloledwa kusaka ngakhale muli ndi mapepala onse.

Malume atakalamba anagulitsa chifefe chija nagula cha nambala 20. Ankabwera ndi nkhanga imodzi, mwina ziwiri, mfuti atanyamula okha.